Funsani Malume: Malipiro a ku investment banking andisowetsa tulo

Mwezi uno makalata ambiri omwe afika ndi a nkhani imodzi basi, malipiro. Mwina ndi fizi yayandikirayi mwina ndi mtengo wa shuga, koma aliyense akusuzumira m'thumba mwa mnzake. Ndasankhapo anayi.

Malume,

Ndine mnyamata wa zaka 23, ndimakhala ku Chilomoni ndipo ndikumaliza maphunziro a za akaunti ku MUBAS chaka chino. Mnzanga wina ananditumizira ka video pa WhatsApp konena kuti mwana wongochoka kumene ku koleji akalowa ntchito ya investment banking ku America amayambira $110,000 pa chaka osawerengera bonasi. Nditawerengera mu makwacha mutu unazungulira, ndi ndalama zoti achemwali anga omwe ndi namwino sangazipeze olo atasunga salale yawo zaka 10 osagula ngakhale mchere. Bambo anga akuti ndikangomaliza ndifunsire ntchito m'boma chifukwa kuli penshoni komanso sachotsa munthu chisawawa. Kodi za mu video zija ndi zoona kapena ndi bodza la pa intaneti? Nanga kuno ku Blantyre ntchito imeneyi ilipo? Ndiyambire pati?

Wosowa tulo, Chilomoni

Mphwanga, mnzakoyo sananame ayi. Mu 2021 banki ya Goldman Sachs ku New York inakweza malipiro a ana oyamba kumene ntchito, amene amawatchula kuti ma analyst, kufika pa $110,000 pa chaka, ndipo JPMorgan ndi Morgan Stanley nawonso anakweza chaka chomwecho kufika pa $100,000. Ukagawa pa miyezi 12 ndi madola opitirira pang'ono 9,000 pamwezi, nde ukachulukitsa ndi mtengo wa kubanki wa K1,750 pa dola zikufika cha m'ma K16 miliyoni pamwezi. Mwana wa msinkhu wakowo. Nanenso tsiku lomwe ndinawerengera koyamba ndinaika kaye foni pansi nkumwa madzi.

Koma ka video kakoko kadumpha chimene chinachititsa kuti akweze. Kumayambiriro kwa chaka chomwecho ma analyst 13 a ku Goldman Sachs komweko analemba madandaulo awo kupereka kwa mabwana, chikalatacho nkutulukira kunja dziko lonse nkuwerenga. Ananena kuti akugwira ntchito maola pafupifupi 95 pa sabata, tulo maola 5 okha, kukagona cha m'ma 3 koloko m'bandakucha. Kuno kwathu lamulo la ntchito limati maola 48 pa sabata, kupitirira apo ndi ovataimu. Nde ona, 95 ndi ntchito ziwiri zathunthu pa msana wa munthu mmodzi ndipo za ovataimu kumeneko usawerengere. Iwe ndiwe wa akaunti tenga kakyuleta, $110,000 ugawe ndi maola 95 pa masabata 50, upeza madola 23 pa ola. Munthu wina ku America komweko yemwe amagwira maola 40, kuweruka 5 koloko nkukadya ndi ana ake, akamalandira $46,000 pa chaka ndekuti pa ola akufanana naye ndendende. Inde bonasi imabwera pamwamba ndipo si yamasewera, chaka chikayenda bwino imatha kufika theka la salale kapena kupitirira, koma bonasi sailemba pa kontilakiti kuti ndi yakuti, chaka chikavuta imafota iwe nkungokhala chete.

Chinanso, ndalamazo sakadyera ku Chilomoni. Renti ya ka nyumba ka chipinda chimodzi ku Manhattan imapitirira $3,000 pamwezi, msonkho amadula patatu, wa boma lalikulu, wa chigawo cha New York ndi wa mzinda weniweniwo. Vuto lathu ife tikangoona dola timathamangira kuchulukitsa (ena mpaka ndi mtengo wa kuseri uja) kuiwala kuti mwini dolayo sagula tomato mu msika wa Ndirande. Sindikuti ndi osauka, ayi ndithu, amatsala nazo zambiri kuposa iwe ndi ine, koma K16 miliyoni ija ichotse m'mutu.

Tsopano ntchitoyo ndi yotani, poti ambiri tikamva banki timaona uja wa pa kauntala wowerenga ndalama. Investment banker sagwira ndalama ya pepala olo imodzi. Iye amabwera pamene kampani yayikulu ikufuna ndalama zambiri nthawi imodzi, kaya pogulitsa masheya ake kwa anthu koyamba, zimene amati IPO, kaya pobwereka kudzera mu ma bond, kapena pamene kampani ina ikufuna kugula inzake kapena ziwiri zikufuna kuphatikizana. Amawerengera kuti kampaniyo mtengo wake ndi wotani, kulemba zikalata zokhuthala ngati Baibulo, kuzungulira kusaka ogula, kukambirana mtengo mpaka mbali zonse zitagwirana chanza. Ndi ankhoswe a makampani, kapena tingoti dobadoba wovala suti kkkk. Ndipo monga dobadoba aliyense amadya peresenti. Ku America pa IPO ya kampani yapakatikati banki imatenga pafupifupi 7 pa 100 iliyonse, kutanthauza kuti kampani ikatolera $100 miliyoni, $7 miliyoni yatsala ku banki, ntchito yoti agwira anthu ochepa miyezi ingapo. Apa nde pagona nkhani yonse mphwanga. Sikuti ana amenewa ndi anzeru kuposa dokotala wa ku Queens kapena injiniya, kungoti akhala m'mphepete mwa mtsinje womwe mukudutsa ndalama zankhaninkhani nde olo atunge ndi chipande chaching'ono chimadzadza.

Makwerero ake amayenda chonchi, analyst zaka ziwiri kapena zitatu, kenako associate, kenako vice president, pamwamba penipeni managing director yemwe ntchito yake ndi kubweretsa madilu ndipo ndi amene amadya zenizeni. Usanamizike ndi dzina loti vice president, si wachiwiri kwa mwini banki ayi, m'banki imodzi amakhalamo mazanamazana. Ambiri olowa ngati analyst safika nkomwe kumtunda, amatopa nkuchoka kapena kuchotsedwa madilu akachepa. Mu Seputembala 2008 banki ya Lehman Brothers, yomwe inali ndi antchito pafupifupi 25,000, inagwa, ndipo amene tinali ndi TV nthawi imeneyo tinaona anthu a masuti akutuluka mu ofesi atanyamula makatoni ngati akusamuka pa lendi.

Nanga ku Blantyre kuno? Ntchitoyo ilipo koma ndi yochepa kwambiri, ndipo chifukwa chake uchiona wekha ukatsika pa Victoria Avenue pomwe pali msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange. Kampani yoyamba kugulitsa masheya pamenepo inali NICO mu 1996, koma kufikira lero makampani onse a pa msikawo sanakwane 20. Mu 2020 zinachita kudabwitsa kuti analowa awiri chaka chimodzi, Airtel Malawi yomwe inagulitsa sheya imodzi pa K12.69 ndi FDH Bank pa K10, nthawi zina zimatha zaka popanda wolowa watsopano. Nde dobadoba wa ma IPO yekhayekha angadye chani kuno? Mabanki athu ndalama zawo zambiri amapangira pa ngongole, makamaka kubwereketsa boma kudzera mu ma treasury bill a masiku 91, 182 ndi 364 ndi ngongole zina zazitali, komanso pa kugula ndi kugulitsa ndalama zakunja. Choncho zimene ukufunazo kuno uzipeza zitabisala m'madipatimenti, ku treasury, ku corporate banking komwe amasamala makampani akuluakulu, kwa ma stockbroker omwe amagulira ndi kugulitsira anthu masheya, ndi kwa amene amayendetsa ndalama za penshoni ndi inshuwalansi ngati ku Old Mutual ndi NICO. Mipando yake ndi yowerengeka ndipo wokhalapo sachoka msanga. Malipiro ake ndi abwino poyerekeza ndi ntchito zambiri za mtauni muno, koma ndi makwacha, ndipo choyambira chake si choti ungagule nacho nyumba ku Namiwawa. Kufupi kwenikweni komwe ntchito imeneyi ili ndi dzina lake lonse ndi ku Sandton ku Johannesburg, kenako Nairobi.

Poyambira nde apa. Digiri yokha siikwanira, onjezera mapepala a za akaunti a ICAM kapena ACCA, ndipo ngati mtima uli pa za masheya zenizeni pali satifiketi ya CFA yomwe ili ndi magawo atatu ndipo imagwetsa anthu kwambiri. Dziwiratu kuti mayeso akunjawa amalipira mu madola ndi mapaundi, nde kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 anyamata ambiri omwe ankasunga fizi anadzuka mmawa nkupeza kuti zomwe asunga sizikukwananso, osanenanso za kuvuta kopeza forex imeneyo. Khomo lomwe ambiri amalowera ndi makampani a audit, malipiro oyambira ndi owawa ndipo nyengo yotseka mabuku kugona ndi mu ofesi, koma pakatha zaka zitatu umakhala utaona mkati mwa mabuku a makampani ambiri ndipo mabanki amawafuna anthu otero. Excel uidziwe ngati mmene umadziwira njira ya ku Nthukwa usiku. Ndipo chinthu china chomwe anzako sachita, pita kwa stockbroker ukagule timasheya tochepa ta kampani imodzi, uziwerenga lipoti lake la pachaka kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, ukakhale nawo pa msonkhano wa eni masheya. Pa intavyu mwana wotha kufotokoza chifukwa chimene phindu la banki yakuti lakwerera amaoneka wosiyana ndi anzake 200 omwe angobwera ndi digiri ndi tayi.

Za bambo akozo, theka akunena zoona theka ndi za kale. Penshoni masiku ano si ya m'boma mokha, lamulo limakakamiza olemba ntchito kuikira wantchito 10 peresenti iye mwini nkuikapo 5. Koma poti m'boma sachotsa munthu chisawawa, apo usatsutsane nawo, anaona anzawo a m'makampani akubwera kunyumba ndi kalata yowachotsa ntchito masana dzuwa likuswa mtengo. Iwe uli ndi zaka 23 ulibe mwana, nthawi yoyesa zovuta ndi inoyo. Ukawauze mwaulemu, osati ndi ka video.

Malume,

Ine ndine mphunzitsi wa ku pulayimale, ndaphunzitsa zaka 21. Sabata yatha mwana yemwe ndinamuphunzitsa sitandade 5, woti long division inkamuliza, anandipeza pa siteji ku Limbe mvula ikugwa nkundikweza galimoto yake mpaka kwathu. Akuti amagwira ntchito ku banki. Ndinathokoza koma nditalowa m'nyumba ndinalira. Sindikumuchitira nsanje mwanayo, ndi waulemu kwabasi, koma ndiuzeni, chifukwa chani wowerenga ndalama za eni alandire kuposa amene anamuphunzitsa kuwerengako?

Mayi wa ku Bangwe

Mayi, funso lanu ndi limene landikhalitsa nthawi yaitali pa mpando mwezi uno. Sindikunamizani kuti mphotho yanu ili kumwamba, mawu amenewo mwawamva kokwanira ndipo sagula thumba la chimanga.

Malipiro sayang'ana kuti ntchitoyo ndi yofunika bwanji, amayang'ana kuti ndalama yolipirayo ikuchokera kuti komanso ogawana ndi angati. Zikanakhala kuti amayeza kufunika bwenzi inu ndi anamwino a ku Gogo Chatinkha muli pamwamba pa tonse. Salale yanu imachokera ku misonkho yomwe MRA imatolera, mphika womwewo womwe mukuyenera kutuluka mankhwala, misewu, fetereza wotsika mtengo ndi chiwongola dzanja cha ngongole za boma, ndipo aphunzitsi ndinu gulu lalikulu kwambiri mwa ogwira ntchito m'boma. Tangowerengerani, kukweza K20,000 yokha pamwezi, pa aphunzitsi 10,000 aliwonse ndi K200 miliyoni mwezi uliwonse, nde nduna ya zachuma ikamva bungwe la aphunzitsi la TUM likulankhula imayamba yagwira kakyuleta. Pamene banki ili ndi antchito ochepa ndipo phindu lake limaoneka pa pepala chaka chomwecho, bwana atha kuloza kuti uyu watibweretsera zakuti timupatse zakuti asatithawe. Phindu la inu limaoneka patatha zaka 15 ndipo limakagwera m'buku la wina, ngati mmene lagwera m'buku la bankiyo. Chowawa china nchoti mbali ya phindu la mabanki imachokera ku chiwongola dzanja chomwe boma limalipira likabwereka, kutanthauza mphika uja womwe inu mukudikirira. Ndi chilungamo? Ine ndikuti ayi, koma mmene zimayendera ndi mmenemo.

Komabe galimoto isakupwetekeni mtima kwambiri. M'banki si onse amalandira zofanana, wa pa kauntala ndi wa ku treasury ali ngati Bangwe ndi Sunnyside, ndipo chimene chimawaoneketsa bwino ambiri ndi ngongole za antchito zomwe chiwongola dzanja chake ndi chotsika kuposa chomwe inu ndi ine tingapatsidwe. Galimoto ngongole, poloti ngongole, mipando ya pa balaza ngongole. Ine ndinagwirapo ku banki ina mtauni muno zaka zapitazo, tinali ndi mkulu wina suti yake yowala nsapato ngati galasi, koma pofika pa 15 amakhala ali kwa mlonda wa pa geti yemwe ankachititsa katapila. Tsiku lomwe anatiitana kuti dipatimenti yathu ikutsekedwa ngongole zija sizinatsekedwe nawo limodzi, zinatitsatira kunyumba ndipo chiwongola dzanja chinasintha kukhala cha kasitomala wamba. Mwana wanuyo mwina zake zili bwino, tiyamike, ndipo nambala yake musataye. Mumuitane tsiku lina adzalankhule ndi ana a sitandade 8, akawauze yekha za long division ija.

Malume,

Ndapatsidwa ntchito ziwiri nthawi imodzi. Ina ndi ku kampani ina ku Limbe K750,000 pamwezi, yokhazikika, pali MASM ya ine ndi banja komanso basi ya antchito. Ina ndi ku bungwe lina K1,100,000 koma kontilakiti ya chaka chimodzi ndipo palibe china chilichonse. Akazi anga akuti miliyoni ndi miliyoni. Ndimakhala ku Machinjiri, ana atatu.

Wapamphambano, Machinjiri

Achimwene, choyamba musayerekeze manambala a pa kalatawo, amenewo ndi gross, ndalama asanadule chilichonse. Pemphani mbali zonse ziwiri akuwerengereni zomwe zidzagwe mu akaunti atachotsa PAYE ndi 5 peresenti ya penshoni. Msonkho wathu umaluma kwambiri salale ikamakwera, nde kusiyana kwa K350,000 mukukuonako kuchepa ndithu mukaika pa net. Kenako funsani kuti MASM ya anthu asanu mutalipira nokha ingakhale zingati pamwezi, muwonjezere ndalama ya minibasi kapena kabaza kuchoka ku Machinjiri masiku 22. Mukachotsa zonsezo mwina bungwelo likhalabe patsogolo pang'ono, nde funso lenileni ndi loti mwezi wa 13 mudzakhala kuti. Afunseni mosachita manyazi kuti pulojekitiyo ndalama zake zikutha liti ndipo amene anali pa mpandowo anachoka bwanji. Mu 2025 thandizo la ku America litaimitsidwa mwadzidzidzi anthu ambiri a m'mabungwe anakhala pakhomo makontilakiti ali m'manja. Mukanakhala mnyamata ngati wa ku Chilomoni uja ndikanati thamangirani miliyoniyo muone dziko. Ndi ana atatu ine ndikanapita ku Limbe, koma ndisanasaine ndikanawaonetsa kalata ya bungwelo nkuwafunsa ngati sangakwezeko pang'ono, mabwana ambiri amakhala ndi kampata koma sanena ngati simunafunse.

Malume,

Amuna anga amagwira ntchito ku banki zaka 6 tsopano koma pepala la malipiro awo sindinalionepo. Ndikafunsa akuti ku banki saloledwa kuulula. Zoona?

Mayi Awiri, Zingwangwa

Mayi, chinsinsi chomwe wa ku banki amayenera kusunga ndi cha maakaunti a makasitomala. Makampani ena amaletsa antchito kukambirana malipiro ndi anzawo a mu ofesi, koma lamulo loletsa mwamuna kuonetsa mkazi wake peyisilipi kulibe. Musayambe ndi mkangano, mwina bambowo akubisa ngongole zomwe zadya salale osati ndalama zochuluka, zimachitika kwambiri ndipo manyazi ake ndi aakulu. Khalani pansi ana atagona, inunso muike zanu patebulo kaya ndi za geni kaya za banki m'khonde, nde muwapemphe aike zawo. Ndipo akavomera muwauze abweretse mapepala a miyezi itatu, limodzi likhale la mwezi womwe amalandira bonasi.